Ankhoswe a ku Bradford ndi Wotchi ya Azakhali

Munthu yekhayo amene ndinamuonapo akuvulira chipewa kompyuta anali malemu a Rodrick Kenani a ku Bradford. Sikuti ankaseweretsa ayi. Ankavula chipewa, n'kuwerama pang'ono, n'kuwafunsa makinawo ngati adzuka bwino, kenako n'kudikira yankho. Ife tonse, kuyambira ku Leeds mpaka ku Sheffield, tinkawatcha Ankhoswe, ndipo ana ena obadwira kuno anafika mpaka ku yunivesite akuganiza kuti limenelo ndilo dzina lawo la pa pasipoti.

Ine ndine Ralph, woyendetsa basi. Sukulu ndinaisiyira Fomu 2, koma kunena zoona inali itayamba kale iyoyo kundisiya. Kuno ndinabwera nditanyamula chikwama cha mkazi wanga Lizzie, amene ndi nesi. Ndiye musayembekezere kuti ndikufotokozerani za makompyuta ngati mphunzitsi. Ndingokuuzani mmene anandiuzira eni ake.

Tsiku lina ndinawafunsa chimene amagwira kwenikweni ku ofesi kwawo ku Leeds, poti ndinkangowaona atafukata laputopu ngati mwana wodwala. Anandiuza kuti zinthu zonse zimene timatsegula pa intaneti, zogulira tikiti ya sitima, zoonera mashifiti, ndi mapulogalamu, ndipo pulogalamu sikhala m'malere. Imakhala pa kompyuta ina imene sizimitsidwa, yotchedwa seva. Vuto ndi lakuti maseva ali ngati mabanja, lililonse lili ndi chikhalidwe chake.

"Pulogalamu ndi mkwatibwi, achimwene," anatero. "Kwawo wakula bwinobwino. Mukam'pereka ku banja lina amafika ndi ketulo yake, n'kupeza kuti kukhitchiniko kuli kale ketulo ya apongozi. Maketulo awiri, soketi imodzi. Pofika Lolemba nyumba yonse sakulankhulana."

"Ndiye inu mumatani?"

"Ndimakhala pakati. Ndimamva mbali zonse."

"Moti boma linakutumizani ku yunivesite kuti mudzakhale nkhoswe ya maketulo?"

Anagwedeza mutu kuvomera, nkhope ili gwa, n'kuonjezera kuti anachita kubwerezanso digiri yachiwiri.

Nyumba yawo inali ya zomatikizana zija, ndipo pansi pake panali kachipinda ka m'nthaka kamene anthu ena amasungiramo njinga zakufa. A Kenani ankasungiramo achibale. Anali maseva atatu akalekale, ndipo aliyense anali ndi dzina. Woyamba anali Alamu, amene ankalandira pulogalamu iliyonse ngakhale itabwera osasamba, koma anali oiwalaiwala: mungolowa ndi dzina lanu, kutembenuka pang'ono, akukufunsaninso kuti ndinu yani. Wachiwiri anali Apongozi. Amenewa kungosowa kadontho kamodzi pamalo pake, ankakana pulogalamu yonse n'kulemba madandaulo otalika kuposa ulaliki wa pa Lachisanu Loyera. Wachitatu anali Azakhali, nkhalamba yoyenda pang'onopang'ono, imene anaigula yogwiritsidwa kale ntchito kwa kampani ina ya zombo itatseka. Azakhali ankang'ung'udza tsiku lonse ngati mayi wa kwaya amene waiwala mawu a nyimbo.

Lamulo la a Kenani linali lakuti pulogalamu isanapite kwa eni ake, iyambe yakapereka moni kwa onse atatu. Ikagwirizana ndi Alamu okha, ankati imeneyo sinakhwime. Apongozi akaikana, sankaitukwana pulogalamuyo, komanso sankawatukwana Apongozi. Ankakoka mpando, n'kuthira tiyi, n'kunena kuti, "Tiyeni timve, yalakwa chiyani?" Ankawerenga madandaulo onse mzere ndi mzere, n'kumati "ehe, ehe," ngati munthu amene akuuzidwa nkhani ya banja imene ankaiyembekezera kale.

Akazi awo, a Diana, ankauza aliyense kuti anakwatiwa pa mitala osadziwa. Koma nyengo yozizira ikafika ankatsika ndi dengu la zochapa n'kukayanika pamwamba pa akazi anzawowo, chifukwa kachipindako kankatentha kuposa nyumba yonse. Ine ndinapezapo masokosi a bambo ali pamutu pa Apongozi, ndipo a Kenani anachita kupepesa asanawachotse.

Ku ofesi nakonso ankadziwika. Akuti anzawo a ntchito akabwera kudzadandaula kuti pulogalamu ikukana kwa kasitomala pamene pa laputopu yawo ikugwira bwinobwino, a Kenani ankawauza kuti ali ndi mnzawo dzina lake Ralph, amene kunyumba kwake ndi munthu waulemu zedi, koma mungom'tengera ku ukwati wa eni muona. Ndinamva nkhaniyi patapita zaka, nditakumana ndi mzungu wina wa ku ofesi kwawoko. Atamva dzina langa anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti wakhala akufunitsitsa kundiona.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi limene anakwera basi yanga atanyamula Alamu. Ankawapititsa ku Leeds kuti akakumane ndi seva ina yatsopano ya kampani. Anawakulunga m'chitenje cha a Diana, n'kuwakhazika pampando wa kutsogolo, iwo n'kuima. Gogo wina wachizungu anasuzumira n'kufunsa ngati mwanayo wagona. A Kenani anati wagona, koma akadzuka amaiwala anthu. Gogoyo anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti amuna ake nawonso anayamba choncho. Ine pa chiwongolero misozi ili chuchuchu, mpaka ndinadutsa siteji imodzi anthu akundibayibitsa ndi maambulera.

Tsopano ndifike pa nkhani ya holo, chifukwa pamenepo mpamene Ankhoswe anagwira ntchito imene tikuidyerabe.

Ife Amalawi a dera lino tili ndi malo amodzi okha okumanirana, holo ya tchalitchi china chaching'ono ku Bradford. Mmenemo ndi mmene timachitira mapemphero, zinkhoswe, maphwando a ana, ndi chikondwerero cha ufulu mu Julaye. Ana athu aphunzira kuvina mmenemo, ndipo ena aphunzira kuti "zikomo" ali ndi matanthauzo oposa asanu. Makiyi ake amasunga mayi wina wachizungu dzina lake Joan, wamfupi, wa juzi yofiirira, amene wotchi yake ndikhulupirira anabadwa nayo.

Joan ankatikonda, koma tinkamulwalitsa. Tikabukitsa holo kuyambira thuu koloko, iye ankatsegula thuu koloko, n'kukhala yekha ndi mipando. Woyamba ankafika dzuwa litapendeka, n'kufunsa ngati anthu afika. Tikayamba mochedwa tinkamalizanso mochedwa, ndipo azimayi a masewera a bingo amene ankalowa pambuyo pathu ankaima pakhomo ndi zikwama zawo, akutiyang'ana ngati tawadyera nkhuku. Tsiku lina Joan anaitana Mayi Gertrude, mlembi wa bungwe lathu, n'kuwauza mofatsa kuti komiti ya tchalitchi yatopa. Tikadzachedwanso kamodzi, tikafune holo kwina.

Tinachita msonkhano wokambirana za kusunga nthawi. Unayamba mochedwa.

Nthawi imeneyo bungwe linali ndi webusaiti yake yolengezera zochitika, imene a Kenani anatipangira, ndipo inkakhala kwa Alamu m'kachipinda kaja. Mayi Gertrude ankalemba tsiku ndi nthawi, ife n'kumaona pa mafoni. Kutatsala pang'ono chikondwerero cha Julaye, Alamu anadwala, fani yawo yoziziritsa itafa, ndipo a Kenani anasamutsira webusaitiyo kwa Azakhali mwachangu, osachita mwambo wonse wa moni uja.

Tsiku la chikondwerero chinachitika chinthu chimene sichinaonekepo chiyambire. Joan akutsegula chitseko thuu koloko, anapeza Amalawi ali pamzere. Azimayi ndi mapoto a mpunga, azibambo ndi masipika, ana atapesedwa. Aliyense ankalowa akupepesa kuti wachedwa. Joan anayang'ana wotchi yake, n'kuigogoda, n'kuiyika kukhutu. Tinayamba pa nthawi, tinamaliza pa nthawi, ndipo azimayi a bingo atafika anapeza pansi posesa, mmodzi mpaka anakhumudwa poti analibe womuyang'anitsitsa.

Mayi Gertrude ndiwo anatulukira chifukwa chake. Anatsika m'kachipinda kaja ine ndili komweko, foni ili m'manja.

"Bambo Kenani, ine ndinalemba thuu koloko. Apa pakuti thwelofu. Ndani wandisinthira?"

A Kenani anakoka mpando n'kufufuza. Zinapezeka kuti pulogalamuyo inalibe wotchi yakeyake, inkangofunsa nthawi kwa seva imene ikukhalapo. Alamu ankayendera nthawi ya kuno. Koma Azakhali, poti anakulira ku kampani ya zombo, ankadziyesabe kuti ali pa chilumba china pakati pa nyanja yaikulu, kumene dzuwa limatuluka mochedwa ndi maola awiri. Nthawi iliyonse imene Mayi Gertrude alemba, Azakhali ankaibweza m'mbuyo maola awiri asanatiuze. Ife tinaona thwelofu, tinachedwa monga mwa masiku onse, n'kufika thuu koloko ndendende.

"Ndiye konzani," anatero Mayi Gertrude.

A Kenani sankatha kugona akadziwa kuti penapake pali pulogalamu ndi seva zimene sizikumvana. Anayang'ana Azakhali, anayang'ana Mayi Gertrude, n'kuvala chipewa chawo.

"Mayi, pa zaka zonse zimene ndakhala nkhoswe, banja limene likuyenda bwino sindilifunsa mafunso."

Mayi Gertrude ndi mtsogoleri wa chigwirizano cha amayi, bodza salifuna. Anati iwo sanganame. A Kenani anawakumbutsa kuti iwo akulemba zoona, wonama ndi Azakhali, ndipo nkhalamba siitsutsidwa pagulu. Atatu tinagwirizana kuti nkhaniyi ithere m'kachipinda momwemo. Ine ndinangouza Lizzie yekha, poti ndi mkazi wanga.

Kuyambira pamenepo holo inakhala yathu popanda dandaulo. Palibe amene ankadabwa, chifukwa kufika mochedwa n'kupeza zinthu zikungoyamba kumene ndi mmene moyo wakhalira kuyambira kwathu. Amene anavutika anali munthu mmodzi yekha, a Mukuka, mnzathu wa ku Zambia amene anakwatira mtsikana wa ku Ntcheu. A Mukuka ndi dokotala wa mano, ndipo amafika pa nthawi imene yalembedwa. Kwa zaka zambiri ankaimirira pakhomo la holo yotseka, mvula ikuwakwapula, atanyamula keke. Tikafika ankatiuza kuti Amalawi tidzachedwa ndi kumwamba komwe. A Kenani ankawamvera chisoni, moti nthawi zina ankapita msanga kukaima nawo, n'kumathandizana kutinyoza.

Matenda anabwera mwakachetechete. A Kenani anayamba kuonda, masitepe a kachipinda kaja n'kuyamba kuwatalikira. Ndinkapita kukawaona ku chipatala ndikaweruka, ndipo tsiku lina ndinawafunsa, monga timafunsirana ife a kuno, ngati akufuna kudzapita kumudzi zikadzavuta. Anakana. Anati pulogalamu imene yakhala pa seva imodzi zaka zambiri chonchi, mukaisamutsa simudziwa chimene chithyoke, ndiponso a Diana ndi ana ali kuno. Kenako anandituma kuti ndikawaone Azakhali ngati akupuma bwino.

Anamwalira kumayambiriro kwa dzinja la kuno. Sabata yomweyo Azakhali nawonso analeka kung'ung'udza. Ena akuti inali fani, ena akuti magetsi. Ine sindinenapo kanthu.

Webusaiti inazima pa nthawi imene tinkaifunitsitsa, yolengeza maliro. Amene anabwera kudzathandiza ndi Ufulu, mwana wa mchemwali wa a Kenani, mayi wa ana awiri amene amagwira ntchito yomweyi ku Sheffield. Anatenga pulogalamuyo n'kuisamutsira pa seva yamakono, ya mtundu umene suuona ndi maso, umangobwereka kwa eni ake pa intaneti. Sevayo inaikana. Anakonza apa, inakana apo. Ndinamupeza pa tebulo la kukhitchini tsitsi lili nyankhalala, ndipo ndinamufunsa ngati anaipatsa moni. Anandiyang'ana moipa. Koma nditatembenuka kukathira madzi m'ketulo, ndinamumva akunong'ona kuti, "Chabwino, tiyeni timve, yalakwa chiyani?"

Itagwira, Ufulu anatiitana ndi Mayi Gertrude ndi a Diana. Anati wapeza cholakwika chachikulu chimene amalume ake sanachione: zochitika zonse zakale zinkaonetsa nthawi yolakwika. Wachikonza, ndipo mwambo wa maliro ukuonetsa leveni koloko, nthawi yake yeniyeni.

Mayi Gertrude anagwira pamtima. Anamufotokozera zonse, n'kumupempha kuti aibwezere sevayo pakati pa nyanja. Manda a kuno sali ngati kwathu kumene adzukulu amadikira. Amakupatsani nthawi yanu, ikadutsa pabwera maliro ena. Anthu akachedwa monga mwa chizolowezi, adzapeza holo yotseka, bokosi litapita, ndipo a Diana adzaika amuna awo ndi anthu osakwana kunyamula nkhata. Ndiponso Joan anali atachita kuchotsa gulu lina kuti atipatse holoyo, komiti yake ikung'ung'udza.

Ufulu anati iye sangaike cholakwika mu pulogalamu mwadala, dzanja lake lingakane. Anakanganapo ndithu. A Diana anapinda chipewa cha amuna awo, kenako analankhula.

"Isiyeni nthawi yoona. Bambo awa akhala akukunyengererani ngati ana zaka zonsezi. Tsiku limodzi lokha, mubwere nokha."

Kunena zoona ine ndinachita mantha. Ndimawadziwa anthu anga.

M'mawa wa tsikulo ndinanyamuka msanga ndi Lizzie kuti ndikathandize kuyala mipando. Titakhota kulowa mumsewu wa holo, ndinasowa poimika galimoto. Msewu wonse unali wakuda ndi anthu. A ku Leeds, a ku Sheffield, ena ochokera kutali ku Manchester, manesi ena akadali ndi yunifolomu ya shifiti pansi pa majasi, onse ataima mu kamvula kaja kosatha, holo isanatsegulidwe n'komwe. Azimayi anali atayamba kale nyimbo chapansipansi. Joan anafika ndi makiyi, anaima, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni sanayang'ane wotchi.

Ndinapeza a Tobias, mkulu wathu amene sanafikepo pa chinthu chilichonse pemphero lotsegulira lisanathe, ndipo ndinawafunsa chawadzutsa.

"Ralph, ukuganiza kuti sitinkadziwa?" anatero. "Lizzie anauza akazi anga chaka chomwecho. Aliyense ankadziwa."

"Ndiye bwanji simunkaonjezera maola ena awiri?"

"Munthu wavutikira kutinamiza mwaulemu chonchija, ife n'kumuchititsa manyazi?"

Ndinatembenuka kuti ndimuyang'ane Lizzie. Anali atatanganidwa kwambiri ndi ambulera.

Mwambo unayamba leveni koloko. A Diana analowa, anaona holo itadzaza mpaka pakhonde, ndipo anangogwira chipewa chija pachifuwa. Tinawaperekeza a Kenani, tinawaika bwinobwino, tinabwerera ku holo kukamwa tiyi. Tili mkati mosonkhanitsa makapu, chitseko chinatseguka, n'kulowa a Mukuka atavala suti yakuda, nkhata ili m'manja, akuyenda mosathamanga. Patatha zaka zonse zija za mvula, anali atasankha tsiku limeneli kuti ayambe kufika ngati Mmalawi. Anayang'ana makapu, anayang'ana ife. Woyamba kuseka anali a Diana, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ya mitundu iwiri ikutsikira pamodzi. Madzulo ake ndinawatenga a Mukuka pa galimoto kupita nawo ku manda, ndipo anakhala nthawi ndithu akuwadandaulira a Kenani m'Chinyanja chawo chija.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo tinasintha. Chinkhoswe chotsatira tinachedwa. Phwando la Khirisimasi tinachedwa moti azimayi a bingo anayambiranso kuima pakhomo, ndipo Joan anayamba kukhosomola akaona Mayi Gertrude. Chaka chitangoyamba, ndinatsegula foni kuona za mapemphero a bungwe, n'kupeza kuti akuti thwelofu koloko, pamene ndinamva ndi makutu anga Mayi Gertrude akubukitsa thuu. Ndinamuimbira Ufulu kumufunsa za dzanja lake lija limene linkakana. Anati sakudziwa chimene ndikunena, koma seva yatsopanoyo waipatsa dzina, ndi a Kenani, ndipo ikuoneka kuti imakonda kukhala kunyanja.

Basi yanga imadutsabe pafupi ndi msewu wawo. Pa siteji imene ankakwerera sipaima munthu wa chipewa, ndipo mpando wa kutsogolo umakhala anthu wamba. A Diana akuti kachipinda kaja tsopano kamazizira, zochapa zimatenga masiku kuti ziume, ndipo nyumba yakhala chete mwa mtundu wina umene sanauzolowere. Alamu ndi Apongozi akadali pomwepo, ozimitsa. Anakana kuwataya. Akuti akatsika kukatenga chinthu amapezeka awapatsa moni.

Loweruka lapitali kunali phwando la mwana wa a Mukuka. Foni inati thwelofu. Ndinasamba mosafulumira, ndinapukuta nsapato, ndinakangana ndi Lizzie za tayi, n'kufika thuu koloko, Joan akutembenuza kiyi. Tonse tinalowa tikupepesa kuti tachedwa, ndipo palibe amene anayang'ana mnzake m'maso.